Maso a Abambo ndi Makoswe a Kuntchito Kwanga

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro a za labotale inali yoyeza maso a makoswe. Ndikanena zimenezi anthu amaseka, ndipo sindiwaimba mlandu, pakuti inenso ndinaseka tsiku limene anandiuza. Anandilowetsa m'chipinda chopanda zenera, kuseri kwa nyumba ina ya zofufuzafufuza ku Lilongwe, n'kundionetsa mashelefu odzaza ndi mabokosi a pulasitiki. M'bokosi lililonse munali makoswe awiri kapena atatu, oyera mbee, onenepa, osathawa munthu.

Mkulu wa kafukufukuyo anali dokotala wa maso, munthu wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, ndipo tonse tinkangowatchula kuti adokotala. Anandifotokozera kuti makoswewo anali a mtundu wapadera. Amabadwa ndi maso abwinobwino, koma pakangopita milungu ingapo, kachikopa kopyapyala ka mkati, kumbuyo kwa diso, kamene kamalandira kuwala, kamayamba kufa pang'onopang'ono mpaka khosweyo amasiyiratu kuona. Kachikopako madokotala amakatchula kuti retina. Palinso anthu amene amabadwa ndi vuto lotere, ndipo adokotala ankafuna kudziwa ngati mankhwala ena amene ankayesa angathe kulichedwetsa. Mbali yanga inali yoona kuti khoswe aliyense wafika pati.

Njira yosavuta inali ya mgolo. Tinali ndi kamgolo kotsegula pamwamba, mkati mwake mojambulidwa mizere yakuda ndi yoyera yoimirira. Ndinkakhazika khoswe pa kathabwa pakatikati, n'kuyatsa kamakina kozunguza mgolowo. Khoswe woona sangachitire mwina, mutu wake umatsatira mizereyo, n'kubwerera, n'kutsatiranso. Wosaona amangokhala phee, kununkhiza uku ndi uku, kupukuta ndevu, osadziwa kuti pali chimene chikumuzungulira. Ine ndinkakhala pampando wautali, kuyang'ana kamutu kameneko, n'kulemba.

Njira ina inali yosuzumira m'diso mwenimwenimo. Ndinkadontheza mankhwala otukusula mwana wa diso, kenako n'kuyang'ana ndi kagalasi kokhala ndi katochi. Koma imene inkandisunga mumdima nthawi yaitali inali yachitatu. Makoswe ankagona m'chipinda chozimitsa magetsi, ndipo m'mawa ndinkalowamo ndi kababu kofiira kokha, kamene sikasokoneza maso awo. Ndinkawabaya jakisoni wogonetsa, n'kukhudzitsa pa diso kawaya kowonda ngati tsitsi, kenako makina ankang'anima. Diso lamoyo limayankha, ndipo pa kompyuta pamatuluka mzere wokwera ndi kutsika ngati kaphiri. Mwezi ndi mwezi kaphiriko kankafupika, mpaka tsiku lina mzere unkangodutsa chogona. Pamapeto pake khosweyo tinkamugonetsa kuti asadzukenso, ine n'kuchotsa diso, kulicheka tizidutswa topyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kuwerenga pa maikulosikopu timizere ta maselo timene tatsala.

Anzanga a m'nyumbayo ankagwira ntchito m'zipinda zowala, awiriawiri, wailesi ikuimba. Pa nkhomaliro ankakhalira limodzi pansi pa mtengo wa mango. Poyamba ndinkapita nawo, koma tsiku lina mtsikana wina anasendera kutali n'kunena moseka kuti ndikununkha utuchi ndi mkodzo wa makoswe. Sananame. Fungolo linkalowa m'tsitsi, ngakhale sopo sankalimaliza. Kuyambira pamenepo ndinkadyera pa sitepe ya kuseri, maso akundiwawa ndi dzuwa chifukwa chokhalitsa mumdima. Panali masiku amene ndinkaweruka n'kuzindikira kuti kuyambira m'mawa sindinalankhule ndi munthu aliyense kupatula kondakitala wa minibasi.

Kwathu ndi ku Bembeke, kumtunda kumene chifunga chimachedwa kuchoka. Amayi anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo achimwene anga awiri anali kutali, ku Joni. Abambo ankakhala okha, akulima chimanga ndi nyemba kumunda, mbatata ya kachewere ndi kabichi kudimba. Amene ankawaphikira anali azakhali, mlongo wawo wamng'ono, amene nyumba yawo inali kuseri kwa mitengo ya mapichesi. Ine ndinkapita kumudzi Loweruka, kudumphitsa sabata imodzi.

Abambo ntchito yanga inkawasangalatsa kwambiri. Tsiku lina tili pakhonde ndi azakhali anandifunsa kuti, "Ndiye ukutanthauza kuti amene ife timawatchera misampha m'nkhokwe aja, iwe umawapatsa chakudya?"

"Eya, ndi madzi omwe, osefa bwinobwino."

"Akadwala?"

"Ndimaitana adokotala."

Anaseka mpaka kutsokomola. Azakhali sanaseke. Anafunsa kuti, "Nanga akakalamba mumatani nawo?"

Ndinawafotokozera zonse mosabisa, za kuchotsa diso ndi kulicheka komwe. Azakhali anagwira pakamwa, n'kudzuka kupita kukaona mphika. Sindinaganizeko zambiri.

Chinthu choyamba ndinachiona mwezi wa Juni, m'mawa wozizira kwambiri. Abambo anakhala pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinawabweretsera tiyi, n'kuima chakumanja kwawo, pafupi ndithu, kapu ili m'manja. Sanalandire. Ndinadikira, kuganiza kuti akumaliza kaye, koma iwo ankangosankha nyemba zawo.

"Abambo, tiyi."

Anadzidzimuka mpaka lichero linapendekeka. Anatembenuza mutu wonse kuti andipeze, ndipo atandiona anati, "Iwe, umayenda ngati mphaka bwanji?"

Masana a tsiku lomwelo ndinawatsatira popita kudimba. Njira ankaidziwa bwino, koma mutu wawo sunkakhazikika. Unkapita kumanzere, kumanja, pansi, ngati munthu wofunafuna chinthu chimene wataya. Azakhali anandiuzanso, mongocheza, kuti abambo anasiya kupita ku mapemphero a mphakati wa kutchalitchi akakhala a madzulo, ndiponso kokonzekera nyimbo za kwaya, akuti kukuzizira. Munthu amene anabadwira ku Bembeke sangayambe kuopa chisanu atakalamba kale. Ndinazimva zonsezi, n'kukwera minibasi kubwerera kutauni, osanena kanthu kwa aliyense.

Patapita milungu itatu azakhali anandiimbira foni ndili kuntchito. Abambo anali atagwa pa njinga. Ankachokera kuchigayo masanasana, ndipo mayi wina wosenza dengu la kabichi anatulukira m'kanjira ka m'mbali. Aliyense amene analipo anamuona mayiyo akubwera, kupatula abambo. Anamugunda, onse awiri n'kugwera m'ngalande. Mayiyo anangosupuka chigongono, abambo anang'ambika pachipumi.

"Anthu akuti anali ataledzera," anatero azakhali. "Achimwene amene sanalawepo ngakhale thobwa losasa."

Nditaika foni ndinabwerera m'chipinda changa. Pa kathabwa ka mu mgolo panali khoswe amene ndinamusiya, mizere ikuzungulirabe, iye akudzinyambita phazi. Ndinazimitsa makinawo n'kukhala pansi.

M'mawa mwake ndinapita kwa adokotala kukapempha kuti ndibwereke kagalasi koyezera maso a anthu ndi kabotolo ka mankhwala odontheza.

"Mukufuna kuyeza ndani?" anafunsa.

"Abambo anga."

Anandifunsa zimene ndinaona, ndipo ndinawafotokozera za tiyi, za mapemphero a madzulo ndi za njinga. Anatsegula kabati n'kundipatsa kabokosi kakuda.

"Mukaone, koma musakatchule dzina la matenda," anatero. "Mukawatengere kuchipatala, akauzidwe ndi munthu amene si mwana wawo."

Abambo ndinawayeza Loweruka masana, m'chipinda chawo chochezera. Ndinatchinga zenera ndi bulangete, n'kuwadontheza mankhwala, ndipo tinakhala tikudikira kuti agwire. Pachipumi anali adakali ndi pulasitala.

"Ndiye lero khoswe ndine," anatero.

"Mungoyang'ana pakhoma, musatsatire tochi."

Kuti uone mkati mwa diso la munthu ndi kagalasi kaja, uyenera kuyandikira mpaka masaya atatsala pang'ono kukhudzana. Sindinayandikirepo nkhope ya abambo chotero chichokereni ku umwana. Ankanunkhira utsi ndi sopo wochapira. Ndinali nditazolowera kadiso ka khoswe, kochepa ngati nyemba, ndiye la abambo linaoneka lalikulu, lofiirira, lotakasuka. Pakati panali pabwinobwino. Koma timitsempha tinali towonda kuposa mmene tiyenera kukhalira, ndipo nditayang'ana m'mphepete ndinaona timadontho takuda tambirimbiri, ngati mwaye wowazikira pa nsalu, kuzungulira konse. Ndinali nditationapo m'buku la adokotala. Ndinayang'ana diso linalo, zinali chimodzimodzi. Ndinapitiriza kuyang'ana ngakhale nditamaliza, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangowongoka adzandifunsa.

"Waona chiyani?"

"Tipite kuchipatala Lolemba."

"Ndafunsa kuti waona chiyani."

"Ine si dokotala, abambo."

Ndinachotsa bulangete pazenera, iwo n'kuphimba maso ndi dzanja chifukwa mankhwala aja amachititsa kuti kuwala kuzithobwa. Azakhali, amene ankadikira panja, anati mwina ndi ng'ala, ndipo anatchula anthu atatu amene anawachotsa ng'ala n'kuyambanso kuona ngati ana. Ndinangoti tikamva komweko.

Lolemba tinalawirira kupita kuchipatala cha pa boma. Amene anawayeza abambo anali mayi wachitsikana, waulemu, ndipo sanafulumire. Atayang'ana m'maso, anawauza abambo kuti ayang'ane mphuno yake, iye n'kumabweretsa chala kuchokera m'mbali. Chalacho chinkayenda mtunda wautali abambo asananene kuti achiona. Pomaliza anakhala pansi n'kunena momveka bwino kuti si ng'ala, opaleshoni singathandize, magalasi sangathandizenso. Anati kuona kudzapitiriza kuchepa kuchokera m'mbali, ngati munthu wosuzumira m'paipi, koma pakati pakhoza kukhalabe zaka zambiri. Njinga anati aisiye.

"Alipo wina kubanja kwanu amene anali ndi vuto lotere?" anafunsa.

"Palibe," anatero abambo msangamsanga.

Mayiyo anandiyang'ana ine. "Matendawa nthawi zambiri amayenda m'magazi. Ndi bwino ana awo nawonso adzaonedwe."

Titatsika minibasi pamphambano, anyamata a kabaza anatithamangira, koma abambo anakana. Anati tiyende wapansi. Ndi mtunda ndithu, wokwera, ndipo tinayenda nthawi yaitali, ine ndili patsogolo pang'ono. Titafika pamene njira imadutsa m'nkhalango ya paini, anayamba okha kulankhula.

"Ndamunamiza mwana wa kuchipatala uja."

Anandiuza kuti amayi awo, amene anamwalira ine ndisanabadwe, ankalowa m'nyumba limodzi ndi nkhuku. Dzuwa likangopendeka sankatulukanso. Pa maliro sankagonera, ndipo anthu ankawanena kuti ndi odzikonda. Iwonso abambo anayamba kuzindikira ali mnyamata kuti kukayamba chisisira anzawo akuona zimene iwo sakuona. Sanauze munthu, kupatula amayi anga.

"Unkadabwa chifukwa chimene amako ankakondera mpango woyera?" anandifunsa. "Tikamachokera kutchalitchi madzulo ankatsogola, ine n'kumatsatira mpangowo. Anthu ankati ndine mwamuna wogonjera mkazi. Zaka zonse zija palibe anadziwa. Chipitireni iwo, ndilibe wotsatira."

Ndinakula m'nyumba imeneyo, mpango umenewo ndinauchapapo kangapo konse, koma sindinadziwe kanthu.

Titayendako pang'ono anafunsanso kuti, "Makoswe ako aja, alipo amene anachira?"

Ndinafuna kuwanamiza, koma anali atangondiuza kumene zoona.

"Palibe."

"Nanga mankhwala amene mumayesa aja?"

"Ena amachedwako pang'ono. Koma onse amafika."

"Akasiya kuona amatani?"

"Amadya. Amayenda motsatira khoma la bokosi, akukhudza ndi ndevu. Amadziwa pamene pali madzi ndi pamene pali chakudya. Chachikulu n'chakuti tisamasunthesunthe zinthu m'bokosimo."

"Zimenezo ukamuuze zakhali wako," anatero. "Mpando wanga amausuntha tsiku ndi tsiku akamasesa."

Ndinapempha masiku atatu kuntchito. Tinatola miyala n'kuiyala mbali zonse za njira yopita kudimba, n'kuipaka laimu kuti iziyera. Tinamanga waya kuchokera pakhonde kukafika kuchimbudzi. Makasu, chikwanje ndi ndowa, chilichonse chinapatsidwa malo ake. Njinga abambo anaipukuta okha, kuithira oyilo, n'kuipachika pa mtanda m'chipinda chosungiramo mbewu. Mwana wa azakhali anaipempha, koma abambo anati ikhale kaye.

Ndinkaganiza kuti chovuta chatha pamenepo. Koma nditabweranso patapita milungu iwiri, ndinaona kuti ku Misa benchi imene ndinakhalapo inatsala ndi malo, chonsecho ena anali ataimirira kumbuyo. Potuluka, amayi ena amene anandilera kuyambira ndili wakhanda anandipatsa moni ali chapatali, manja atawabisa m'chitenje. Titafika kunyumba azakhali anandiitanira kuseri kwa khitchini, n'kuyamba kulira asananene kanthu.

Zimene ndinawauza tsiku lija pakhonde, za kuchotsa maso a makoswe, iwo anakazifotokoza kuchigayo, mongodabwa chabe, kalekale abambo asanagwe pa njinga. Tsopano nkhaniyo inali itabwerera itavala zina. Anthu ankati ntchito ya maso a makoswe si ntchito wamba, munthu sangaipeze osapereka kanthu, ndipo chimene ine ndinapereka ndi maso a bambo anga. Ena ankati anandiona ndikutchinga zenera masana n'kuwathira abambo mankhwala m'maso.

"Sindinadziwe kuti zifika apa, mwana wa achimwene," anatero azakhali. "Pakamwa pangapa."

Sindinawakalipire. Ndinalongedza chikwama changa n'kunyamuka tsiku lomwelo, ndipo ndinakhala miyezi iwiri osapondako kumudzi. Ndinkadziuza kuti ndikuwapeputsira abambo, kuti ndikapanda kuoneka anthu aiwala. Zoona zake zinali zakuti ndinkachita mantha ndi maso a anthu amene ndinakula nawo. Kutauni ndinalibe woti ndimuuze. Achimwene anga pa foni ankangoti ndiwapirire anthu akumudzi. Lamulungu ndinkapita ku labotale ngakhale sinali nthawi yanga, kukasintha utuchi m'mabokosi ndi kudzaza mabotolo a madzi. Nyumba yonse inkakhala zii, kumangomveka makoswe akukukuta chakudya. Ndinkachedwa dala, chifukwa kuchipinda kwanga kunalibe ngakhale phokoso limenelo.

Tsiku lina azakhali anaimba n'kupatsira abambo foni.

"Lamulungu likubwerali mphakati ukuchitikira pakhomo pano, masana," anatero abambo. "Ubwere."

"Ntchito yachuluka, abambo."

"Sindinafunse za ntchito."

Ndinapita. Anthu anasonkhana pabwalo, azimayi pamphasa, azibambo pamabenchi, ine ndinakhala kumapeto pafupi ndi azakhali. Atatha mawerengo ndi mapemphero, wotsogolera anafunsa ngati pali zolengeza. Abambo anaimirira, chipewa chili m'manja. Sanali munthu wolankhula pagulu, mawu awo ankangomveka mu kwaya basi.

Anati akudziwa zimene zikunenedwa za mwana wawo. Kenako anafotokoza zonse zimene anandiuza m'nkhalango ya paini muja, za amayi awo, za unyamata wawo, za mpango wa amayi anga. Anati anabisa zaka zoposa makumi anayi chifukwa cha manyazi, ndipo akadapitiriza kubisa mpaka kumanda zikanakhala kuti manyaziwo sanagwere munthu wosalakwa.

"Maso angawa anayamba kutha uyu asanabadwe," anatero akuloza kumene ankaganiza kuti ndakhala. Analoza pambali pang'ono, pa mtengo wa pichesi, koma aliyense anamva.

Kenako mayi wina wokalamba kwambiri, amene anakwatiwira m'mudzimo kalekale, analankhula ali chikhalire pamphasa. Anati iye amawakumbukira amayi a abambo. Anati ankapita nawo kumadzi, ndipo pobwerera madzulo ankawagwira pa nsonga ya nsalu. "Tinkawaseka," anatero. "Sitinkadziwa."

Wotsogolera anayambitsa nyimbo yotsekera. Pobalalika ena anabwera kudzandigwira dzanja, ena anangodutsa. Sindinganene kuti nkhaniyo inatheratu, chifukwa mpaka lero alipo amene sandiyang'ana kumaso. Koma ndinayambanso kupita kumudzi, ndipo tsopano sabata iliyonse.

Panatsala mawu aja a mayi wa kuchipatala, akuti ana nawonso adzaonedwe. Ndinawasunga ndekha pafupifupi chaka. M'mawa uliwonse ndikalowa m'chipinda cha mdima n'kutseka chitseko, ndinkatambasula dzanja patsogolo panga n'kumadikira kuti ndione zala. Ndinkayesa kukumbukira ngati chaka chathacho zinkaoneka msanga kuposa pamenepo, koma sindinkatha kudziwa. Ine amene ndinkayeza maso tsiku ndi tsiku, anga ndinkaopa kuwapereka.

Kafukufukuyo anafika kumapeto. Mankhwala aja anapezeka kuti amachedwetsa pang'ono chabe, osati mokwanira, ndipo adokotala anati makoswe ena sabweranso. Sabata yomaliza, mashelefu atatsala opanda kanthu, ndinagogoda pa ofesi yawo.

"Ndimadzifunsa kuti mubwera liti," anatero.

Anandidontheza mankhwala, n'kundiyeza nthawi yaitali, diso lililonse kawiri. Atamaliza anabwezera kagalasi m'kabokosi, n'kutseka bwinobwino, kenako anati, "Pali timadontho tochepa m'mphepete, makamaka kumanzere."

"Ndi zomwezo?"

"Ndi zomwezo. Koma musaiwale kuti bambo anu afika msinkhu umenewu akulima. Muzibwera chaka ndi chaka tizionana."

Ndinathokoza n'kubwerera kuchipinda changa. Panali mabokosi ambiri oti nditsuke, ndipo ndinawatsuka onse, ngakhale maso ankaona mwachimbuuzi chifukwa cha mankhwala aja.

Patapita miyezi ingapo ndinapeza ntchito ina pa boma pa Dedza pomwepa, ndipo ndinabwerera kudzakhala ndi abambo. Iwo panopa amaona kadera kakang'ono kapakati. Nkhope ya munthu amaiona mbali imodzi, kenako inayo. Amalimabe, ndipo ku kwaya anabwererako pamene anzawo anasintha n'kumakonzekera masana. Ine masana ndimaona bwinobwino. Madzulo ndimayesetsa kuti ndifike pakhomo kusanade.

Za maso anga ndinawauza nyengo yokumba kachewere, nditakhala kale pakhomo miyezi iwiri. Tinali kudimba awiriwiri. Iwo ankakumba, n'kumapapasa m'dothi ndi zala, ine n'kumatola kuika m'thumba. Ndinali nditakonzekera mawu ambiri, koma onse anathawa.

"Abambo, adokotala anandiyeza maso."

Khasu linaima.

"Apeza chiyani?"

"Zomwezo. Koma zangoyamba kumene."

Anakhala chowerama nthawi yaitali, dzanja limodzi lili m'dothi. Kenako anawongoka pang'onopang'ono, n'kutembenuza mutu mpaka atandipeza. Anandiyang'ana diso limodzi, kenako linalo.

"Pepa, mwana wanga," anatero.

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo akupepesa kwa mwana. Ndinati si mlandu wawo, iwonso anachita kutengera kwa amayi awo. Anagwedeza mutu, osavomera, osakana.

"Achimwene ako wawauza?"

"Ayi."

"Uwauze. Akayezetse komweko. Asachite ngati ine."

Anatolanso khasu. Tinamaliza mzere umenewo ndi wina wotsatira osalankhulana, kachewere akugwera m'thumba mmodzimmodzi. Dzuwa litapendeka azakhali anatsetsereka kudzatithandiza kusenza, ndipo atatiyang'ana anafunsa chimene tinakhalira duu ngati tayambana. Abambo anakutumula dothi m'manja n'kunena kuti kachewere wachepa chaka chino.